Ziwerengero za madzi zisatsekeredwe m'maofesi

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa atsogoleri a bungwe lathu anayankhula pa msonkhano wa nthumwi za makalabu ndi masikimu a ulimi wothirira. Pa msonkhanowu panabweranso akuluakulu ochokera ku mabungwe otumiza madzi m'mipopi. Tawasindikiza onse kuti mamembala akawakambirane m'makalabu mwawo.



Ndapemphedwa kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ukangoimva koyamba imaoneka ngati ya anthu a m'maofesi okhaokha. Nkhaniyi ndi ya ziwerengero za madzi, zimene anzathu ophunzira amazitchula kuti data. Apa ndikutanthauza manambala osonyeza kuchuluka kwa madzi amene akuyenda mumtsinje lero, pamene madzi alekeza m'damu, madzi amene bungwe lakutilakuti likupopa pa tsiku, ndiponso ngati madziwo ali oyera kapena oipa. Manambala amenewa alipo ndithu, ndipo pali anthu olembedwa ntchito yowatolera. Vuto ndi lakuti bungwe lililonse limasunga akeake, ndipo mlimi amene amakhala m'mphepete mwa mtsinje womwewo sawaona. Pempho la bungwe lathu ndi lakuti mabungwe a madzi azigawana ziwerengero zimenezi, ndipo aziziika poyera m'njira yoti mlimi azimve nthawi ikadalipo.

Tonse tikutunga pa chitsime chimodzi

Lamulo la Waterworks Act la chaka cha 1995 linagawa ntchito yotumiza madzi m'mizinda ndi m'matauni kwa mabungwe asanu. Pali Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, ndiye atatu a m'zigawo, la Kumpoto, la Pakati ndi la Kummwera. Mabungwewa ali ndi mgwirizano wawo wotchedwa WASAMA. Lililonse lili ndi malire ake pa mapu, koma madzi amene amapopa amachokera m'mapiri ndi m'madambo momwe timalima ifeyo.

Lilongwe imamwa madzi a mtsinje wa Lilongwe, umene umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama ndi kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989. Mzuzu imadalira damu la Lunyangwa. Zomba imamwa a damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Blantyre imapopa madzi ake ambiri pa Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzindawo, ndipo madziwo amakankhidwa ndi magetsi kukwera mamita pafupifupi 800. Magetsi omwewo amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pa mtsinje womwewo wa Shire. Kumunsi kwake kuli minda ya nzimbe ya Nchalo, alimi a Kasinthula ndi Phata, ndiponso mabanja ambirimbiri olima m'madimba ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Mukaona mndandanda umenewu muvomereza kuti wina akatsegula kapena kutseka kumtunda, wa kumunsi amamva m'thupi. Kupatula mabungwe asanu aja, palinso National Water Resources Authority imene imayang'anira mitsinje, nyanja ndi madzi apansi pa nthaka, palinso nthambi ya zanyengo imene imayeza mvula, nthambi ya ulimi wothirira, ndi makhonsolo amene amayang'anira mijigo. Onsewa ali ndi kaundula wawo. Palibe mmodzi mwa iwo amene ali ndi chithunzi chonse payekha. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la madzi a dziko lino ndi lolemera ndithu.

Phunziro la nyanja ndi Shire

Ndiyambe ndi Shire, chifukwa ndi pomwe nkhaniyi imaonekera bwino. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Ku Liwonde kuli Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene chinamangidwa mu 1965 ndipo chinakonzedwanso m'zaka zapitazi. Mageti a pamenepo ndiwo amachepetsa kapena kuonjezera madzi opita kumunsi.

Mbiri imatiuza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri mpaka madzi analeka kutuluka kulowa mu Shire. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula, kunalibe mipopi ya Walker's Ferry. Zitachitika lero, dziko lonse lingaime. Tinalawako pang'ono mu 2016 ndi 2017, pamene nyanja inatsika kutsatira chilala, magetsi n'kumazima usana wonse. Zigayo zinaima, mapampu a magetsi m'masikimu anaima, ndipo alimi a ng'ombe za mkaka amene amadalira mafiriji a pa malo osonkhanitsira mkaka anataya katundu wawo. Nyanja siphwa usiku umodzi, imatsika pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka. Amene amaiyeza ankaona kumene zinthu zikupita. Koma ndi alimi angati amene anauzidwa mu Epulo, pokonzekera mbewu za m'chilimwe, kuti chaka chino musadalire pampu ya magetsi?

Mu 2024 zinatembenuka. Nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, madzi n'kulowa m'nyumba, m'malo ogona alendo ndi m'minda ya m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho, mu Malichi, boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Mlimi wa ku Balaka chimanga chikumupserera m'munda, nyanja ikusefukira. Izi zinatheka chifukwa madzi ambiri a m'nyanja amachokera ku mvula ya kumpoto kwa dziko lino ndi ku Tanzania, kudzera m'mitsinje monga Songwe ndi Ruhuhu. Munthu woyang'ana mitambo ya pamudzi pake sangadziwe zimenezi. Angazidziwe pokhapokha amene ali ndi manambala atamuuza.

M'chaka chimenecho anthu a kunyanja ankafuula kuti mageti a ku Liwonde atsegulidwe onse, pamene a ku Chikwawa ndi Nsanje ankaopa kuti akatero madimba awo amira. A National Water Resources Authority anayamba kulengeza kawirikawiri pamene nyanja yafika ndi madzi amene akutulutsa pa Liwonde, ndipo pa ichi tikuwayamika. Anationetsa kuti n'zotheka. Tikungopempha kuti zisamachitike pa nthawi ya mavuto yokha.

Ndinenenso mawu amodzi okomera mabungwe omwewa. Madzi akasefukira ku chigwa cha Shire, mphekesera imafala msanga kuti atsegula ku Liwonde. Nthawi zambiri madzi oononga amakhala atachokera m'mitsinje yolowa mu Shire kumunsi kwa Liwonde, monga Lisungwi, Mkulumadzi, Mwanza, makamaka Ruo wochokera ku Mulanje amene amakumana ndi Shire pa Chiromo. Umu ndi momwe zinalili pa madzi osefukira a Januwale 2015, a Malichi 2019, pa namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi pa Freddy mu Malichi 2023. Mvula yoopsa inagwa m'mapiri a kummwera. Bungwe limene limaika manambala ake poyera tsiku ndi tsiku silivutika kudziyeretsa, chifukwa anthu amakhala atazolowera kuliona likunena zoona.

Tikumbukirenso kuti namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Pa Kapichira pomwepo ndi pamene payambira ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370 ku Chikwawa ndi Nsanje. Izi zikutanthauza kuti pa malo amodzi pakumana magetsi ndi ulimi, kumtunda kwake kuli mipopi ya Blantyre. M'chaka cha madzi ochepa, wina adzayenera kuchepetsa. Alimi amene apereka minda yawo ku makoparetivi a ngalandeyi ayenera kudziwiratu lamulo la kagawidwe kake, ndipo aziona ndi maso manambala amene akugwiritsidwa ntchito pogawapo. Kupanda apo, wamng'ono ndi amene adzatsekeredwe madzi poyamba, ndipo sadzakhala ndi umboni wokadandaula nawo.

Mitsinje ing'onoing'ono nayonso

Anzanga ochokera kutali ndi Shire musaganize kuti izi sizikukukhudzani. Tengani chitsanzo cha Zomba. Mtsinje wa Mulunguzi umathira mu Likangala. Likangala amadutsa mumzinda wa Zomba, n'kukathirira sikimu ya mpunga ya Likangala, kenaka n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Mlimi wa mpunga pa sikimu ija, pofuna kudziwa ngati afese nazale ya m'chilimwe kapena ayi, ayenera kudziwa madzi amene atsala kumtunda ndi amene adzasiyidwe kuti atsike mumtsinje mu Seputembala ndi Okutobala. Ayeneranso kudziwa ngati madzi otuluka mumzinda ali oyenera kuthirira masamba amene anthu amadya osaphika.

Funso lomweli lilipo pa Domasi, pa Bwanje, pa Bua, pa Limphasa, pa Hara, pa Wovwe, pa Muona ndi pa Nkhate. Komiti ya sikimu imakhala pansi mu Meyi kugawa mapuloti a m'chilimwe mongoganizira, potengera mmene zinalili chaka chatha. Madzi akachepa mu Okutobala, a kumchira kwa ngalande mbewu zimawaumira, feteleza wa ngongole wapita, ndewu n'kuyamba pakati pa anthu a mudzi umodzi. Ndewu zambiri zoterezi gwero lake ndi kusadziwa. Komiti itadziwa mu Meyi kuti madzi angokwanira theka la sikimu, ikhoza kugawa theka lomwelo mwachilungamo, kapena kulangiza kuti m'malo mwa mpunga alime nyemba ndi chimanga zimene sizimwa madzi ambiri.

Mlimi akaimbidwa mlandu, umboni uonetsedwe

Pali chifukwa china chimene tikufunira ziwerengerozi. Nthawi iliyonse mipopi ikauma m'tauni, chala chimaloza kwa ife. Amati alimi akulima m'mphepete mwa mitsinje, akudula mitengo, matope akudzaza m'madamu. Sitikukana kuti vutoli lilipo. Matope ndi namasupuni zimavutitsa pa Liwonde, pa Nkula ndi pa Walker's Ferry, ndipo madzi akada kwambiri bungwe limagula mankhwala ambiri owayeretsera. Dothi limene likudzaza damu ndi chonde cha m'munda mwathu chimene chakokoloka, choncho ifenso tikuluza.

Koma mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Mabungwe a madzi amayeza kuda kwa madzi pa malo awo opopera. Atiuze kuti matope ambiri akuchokera mumtsinje uti, mwezi uti. Tikadziwa, makalabu a dera limenelo adzadziwa kuti akalozera, ngonyeka, vetiva ndi mitengo ziyambire pati. Ndipo tikagwira ntchitoyo zaka zitatu, manambala omwewo adzasonyeza ngati madzi ayamba kuyera. Akayera, ndiye kuti bungwe lapulumutsa ndalama za mankhwala chifukwa cha thukuta la mlimi, ndipo tidzakhala ndi poyambira kukambirana kuti gawo la ndalama zimenezo libwerere kwa osamala gwero la mtsinje. Popanda manambala, ntchito yathu yosamala nthaka imakhala yongothokozedwa pakamwa pa tsiku lodzala mitengo.

Ku Dzalanyama zinafika poti boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalango pofuna kuteteza madzi a Lilongwe, ndipo mu 2016 mzindawo unkalandira madzi mosinthanasinthana. Makala otuluka m'nkhalangomo amakapsa pa mbaula za mumzinda momwemo. Ku Mulanje, pamene Blantyre Water Board inkafuna kukoka madzi pa mtsinje wa Likhubula, anthu a m'deralo anayamba akana, poopa kuti mtsinje wawo uphwa. Mantha amenewo anali ndi maziko, chifukwa munthu ukamutengera madzi pakhomo pake umayenera kumuonetsa kuti mumtsinje mukuyenda ochuluka chonchi, ife titengapo ochuluka chonchi, otsala ndi awa, ndipo muzidzabwera kudzaona nokha mwezi uliwonse. Kumene kukukonzedwa damu latsopano kapena paipi yatsopano, monga yochokera ku Salima kupita ku Lilongwe, kukambirana kuyambire pa manambala otere.

Mbali inayo ya mlandu ndi iyi. Malipoti a mabungwe omwewa akhala akusonyeza kuti m'mizinda ikuluikulu madzi oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi opopedwa sabweretsa ndalama, chifukwa cha mapaipi otha amene amadontha, kuba, ndi mamita osagwira bwino ntchito. Ku Blantyre zaka zina afikapo pafupifupi theka. Ngati mlimi wa pampu yopondaponda akuuzidwa kuti achepetse madzi, ndi bwino adziwenso kuti bungwe likuchitapo chiyani pa madzi amene likutaya mumsewu. Mabungwe asanuwa atamaika poyera manambala awo mofanana, bungwe limene lapeza njira yochepetsera kutayikaku lingaphunzitse anzake, ndipo lotsalira lingachite manyazi n'kudzikoka.

Madzi apansi pa nthaka

Masiku ano makalabu ambiri akusonkha ndalama zokumbitsa mijigo ndi kuika mapampu oyendera dzuwa. Kukumba mjigo ndi ndalama zambiri, ndipo wokumba amalipidwa ngakhale madzi atuluke amchere. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje madzi apansi ndi amchere, oti ukathirira nawo nthaka imawonongeka. Kwina madzi amapezeka ochepa osakwanira ndi theka la ekala lomwe. Chonsecho mjigo uliwonse wokumbidwa m'dziko muno umayenera kukhala ndi lipoti la wokumba, losonyeza kuya kwake ndi madzi amene anapezeka. Cha m'ma 2017 mpaka 2019, boma mothandizidwa ndi boma la Scotland linalemba m'kompyuta mijigo, zitsime ndi mipopi ya kumudzi yoposa 100,000, malo ake ndi mmene ikugwirira ntchito. Chuma chimenechi chiyenera kufika pa ofesi ya mlangizi pa EPA iliyonse, kuti kalabu isanapereke ndalama kwa wokumba iyambe yafunsa kuti oyandikana nafe anapeza chiyani. Safunsa anadya phula, koma wofunsayo payenera kukhala pomuyankha.

Ukhondo wa madzi nawonso ndi nkhani ya mlimi. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo anagwira anthu m'nyengo ya dzinja pamene manja amafunika kumunda. A zaumoyo amayeza madzi, a mabungwe a madzi amayezanso awo. Zotsatira zikamasungidwa kosiyana, chitsime choipa chimapitiriza kumwedwa sabata zingapo kalata isanayende kuchoka ofesi ina kupita ina.

Kwina akuchita bwanji

Sitikupempha chinthu chachilendo. Kwa anansi athu ku Zambia, lamulo la 1997 linakhazikitsa bungwe la NWASCO loyang'anira makampani a madzi. Chaka chilichonse bungweli limatulutsa lipoti limodzi loyerekeza makampani onse: maola amene madzi amatuluka pa tsiku, madzi otayika, ukhondo wa madzi, ndi zina, ndipo limanena poyera amene watsogola ndi amene watsalira. Linakhazikitsanso magulu a anthu wamba ongodzipereka amene amalondoloza madandaulo a anthu m'madera mwawo.

Ku England anthu anakwiya kwa zaka zambiri chifukwa makampani a madzi ankatayira zonyansa za m'zimbudzi m'mitsinje anthu osadziwa. Lamulo la zachilengedwe la 2021 linawakakamiza kuti azilengeza mwamsanga akatero, ndipo mu Novembala 2024 makampaniwo anatsegula mapu amodzi pa intaneti osonyeza malo onse otayira ndi nthawi imene atsegulidwa. Makampani ambiri a ku Britain anagwirizananso pa ntchito yotchedwa Stream, yoika ziwerengero zawo pamalo amodzi ndi kuzilemba mofanana. Apa pali phunziro la ife alimi: makampaniwo anatsegula mabuku awo chifukwa anthu anaumirira ndipo lamulo linawathandiza.

Ngakhale maiko amagawana. Mu 2004 maiko a m'chigwa cha Zambezi anasainirana pangano ku Kasane m'dziko la Botswana, ndipo mbali ina ya panganolo ndi kuuzana za madzi. Shire amakathira mu Zambezi ku Mozambique. Ngati n'zotheka kuuza dziko lina za madzi a Shire, sizingakanike kuuza mlimi wa ku Makhanga.

Lamulo lili kumbali yathu

Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga. Lamulo la Access to Information linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mabungwe asanu a madzi ndi a boma, EGENCO ndi ya boma, choncho lamuloli likuwakhudza. Kalabu iliyonse ili ndi mphamvu yolemba kalata kufunsa ziwerengero, ndipo ikakanizidwa ikhoza kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Lamulo la Water Resources Act la 2013 nalonso limazindikira magulu a ogwiritsa ntchito madzi ndi makomiti oyang'anira magwero a mitsinje. Koma komiti yopanda manambala imangopita ku msonkhano kukaombera m'manja zimene ena agwirizana kale.

Kulemba kalata ndi kudikira yankho kumatenga masabata, pamene mpunga wosowa madzi sudikira. N'chifukwa chake tikuti zina zizilengezedwa popanda wofunsa.

Zimene tikupempha

Choyamba, mabungwe asanu a madzi, EGENCO, National Water Resources Authority, nthambi ya zanyengo ndi nthambi ya ulimi wothirira agwirizane njira imodzi yolembera ziwerengero za madzi, ndipo aziziika pamalo amodzi pomwe aliyense angazione mosalipira.

Chachiwiri, mulingo wa nyanja ya Malawi, madzi otulutsidwa pa Liwonde, ndi mulingo wa madamu onse akuluakulu zizilengezedwa sabata iliyonse, ndipo nthawi ya mvula tsiku lililonse. Pakakhala ganizo losintha mageti, a kumunsi azichenjezedwa masiku angapo zisanachitike.

Chachitatu, pofika mwezi wa Epulo chaka chilichonse, mvula ikangotha, sikimu iliyonse ndi komiti ya dera izilandira chiyerekezo cha madzi amene adzakhalepo mpaka Novembala, mbewu za m'chilimwe zisanagulidwe.

Chachinayi, kaundula wa ziphaso zotungira madzi akhale poyera, mtsinje uliwonse paokha, kusonyeza amene anapatsidwa chiphaso ndi madzi amene analoledwa. Esiteti, fakitale, bungwe la madzi ndi sikimu ya alimi, onse alembedwe pa pepala limodzi.

Chachisanu, zotsatira za kuyeza ukhondo ndi kuda kwa madzi pa malo opopera zizitumizidwa kwa makhonsolo ndi makomiti a alimi a kumtunda mwezi uliwonse.

Chachisanu ndi chimodzi, uthengawu uzibwera m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'zinenero zina zathu, kudzera pa wailesi za m'madera monga Nyanthepa, Gaka, Dzimwe ndi Mudzi Wathu, pa mauthenga a pa foni, ndi pa bolodi la pa ofesi ya mlangizi. Ubwere m'mawu omveka. Kunena kuti madzi akuyenda makiyubiki mita akutiakuti pa sekondi kumathandiza injiniya. Mlimi amafuna kumva kuti pofika Lachinayi madzi afika pa mtengo wakutiwakuti, chotsani mapampu m'dimba. Nthambi ya zanyengo yayamba kale kutulutsa ulosi wa mvula wa boma lililonse m'chinenero chathu, ndiye njira ilipo yoti enawa atsatire.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri. Manambala akangoikidwa pa intaneti m'Chingerezi, opindula adzakhala makampani aakulu amene ali ndi akatswiri awoawo, ndipo kusiyana kwa wamkulu ndi wamng'ono kudzangokulirakulira.

Mbali yathu alimi

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi nkhawa. Mukuti tikayamba kulembetsa mapampu athu ndi madzi amene timatunga, mawa adzatibweretsera msonkho. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo bungwe lathu lidzaima nanu kuti mtengo wa chiphaso cha kagulu ka alimi ang'onoang'ono usafanane ndi wa esiteti. Koma ganizirani mbali inayi. Tsiku logawa madzi ochepa likadzafika, adzagawira amene ali m'kaundula. Sikimu yosalembedwa imaoneka ngati kulibe, ndipo madzi ake akhoza kuperekedwa kwa wina popanda wolakwa pa lamulo. Chiphaso ndi chishango cha mlimi. Ndikupempha sikimu iliyonse imene ilibe chiphaso iyambe kukonza mapepala ake chaka chino.

Nawonso a mabungwe a madzi ali ndi nkhawa yawo, yoti zinsinsi za makasitomala zingaululike. Tikuwatsimikizira kuti sitikufuna kudziwa bilu ya munthu kapena ngongole ya nyumba yakutiyakuti. Zimenezo zitetezedwe monga mwa lamulo. Ife tikufuna za mtsinje, za damu ndi za paipi yaikulu, zimene ndi chuma cha tonse.

Komanso ife tili ndi chopereka. Malo ambiri oyezera madzi m'mitsinje anawonongeka ndi madzi osefukira, ena anabedwa zitsulo, ena alibe wowerenga. Boma silingaike munthu pa mtsinje uliwonse, koma pa mtsinje uliwonse pali mlimi. Kalabu ikhoza kusankha munthu mmodzi wowerenga chikwangwani cha manambala m'mawa uliwonse ndi kutumiza pa foni. Sikimu iliyonse ikhoza kukhala ndi choyezera mvula ndi kope lolembamo tsiku limene ngalande inayamba kuchepa madzi. Alimi a kumtunda kwa Ruo akaona mtsinje ukukwera usiku, foni imodzi ikhoza kupulumutsa miyoyo ndi ziweto kumunsi. Tikuti kwa mabungwe: tiphunzitseni, tipatseni zipangizo, ndipo manambala amene titumize azibwerera kwa ife ataphatikizidwa ndi anu. Ndipo mafumu athu, tithandizeni kuti zipangizo zoyezera madzi zisamabedwe, chifukwa wakuba chitsulo cha pa mtsinje waba chenjezo la mudzi wonse.

Pomaliza, Wapampando, ndikupempha nthumwi iliyonse kuti ikabwerera ikachite zinthu ziwiri mwezi uno usanathe. Ikaitanitse msonkhano wa kalabu ndi kulemba mayina a onse amene amatunga madzi pa mtsinje wawo, kuyambira ku gwero mpaka kumathero. Kenaka ikalembe kalata kwa bwanamkubwa, kope lina ku bungwe la madzi la chigawo chawo, kufunsa ziwerengero za mtsinje umenewo za zaka zisanu zapitazi. Makope a makalatawo mutumize ku likulu la bungwe lathu. Tidzawasonkhanitsa, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzawerenga pamaso panu maofesi amene ayankha ndi amene sanayankhe.

Kwa akuluakulu a mabungwe a madzi amene mwabwera, tikuthokoza kuti mwakhala nafe mpaka pano. Tikuyembekeza kuti musananyamuke mutiuza tsiku limene tikhale pansi pamodzi kuti ntchitoyi iyambe.